Akadzatuluka M'madzi

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala, kopanda ndi kamphepo komwe. Nyanja ndi thambo zinali mtundu umodzi, ndipo mapiri a ku Mozambiki ankaoneka ngati alekana ndi nthaka, angolenjekeka m'malere. Ndinali pakhonde la kashopu kanga ku Chipyela, pachilumba cha Likoma, komwe ndimakonza mawailesi. Mwana wanga Ellison anakhala pabenchi ya makasitomala, chikwama chake chomangamanga chili pamapazi.

Ellison ndi mwana yekhayo amene Mulungu anatipatsa ine ndi malemu mkazi wanga Marian. Anabadwira ku Amereka pamene ndinkaphunzira zamagetsi kumeneko, anakulira kuno, ndipo atamaliza sekondale anabwerera komweko kukaphunzira uinjiniya. Chaka chimenecho, 2005, anali atatsiriza. Anabwera kudzandiuza kuti wapeza ntchito ziwiri.

Yoyamba inali ya kufakitale yopanga timabolodi tobiriwira tija timakhala m'mawailesi ndi m'mafoni. Anati ndi nyumba yaikulu yopanda fumbi, anthu ake amavala zoyera mpaka kumutu, ndipo makina amatola tizipangizo tochepa ngati mchenga n'kumatiika pamalo pake mofulumira kuposa nkhuku yojompha mapira. Iye akanakhala woyang'anira makinawo. Ntchito imeneyo ine ndinaikonda.

Yachiwiri inali ya asilikali a pamadzi, m'sitima yoyenda pansi pa nyanja ya mchere ndi mphamvu ya nyukiliya.

“Si zovuta kumva, Atate,” anandiuza tsiku lomwe anafika. “Ndi ketulo basi. Muli chitsulo chimene chimatentha chokha zaka ndi zaka, osafuna nkhuni kapena dizilo. Chimawiritsa madzi, nthunzi n'kumazunguza injini. Ntchito yanga n'kuona kuti ketuloyo isapse mtima.”

“Ndiye sukulu yonseyi kuti ukakhale wophika tiyi?”

Anaseka. Koma ndinaona kuti akamanena za fakitale ankayang'ana zikhadabo zake, akamanena za sitimayo ankayang'ana kunyanja.

Kenaka anafika pomwe panali nkhani. Sitimayo ikamira imatha miyezi isanatuluke. Foni kulibe. Isanamire, akuluakulu amafunsa munthu aliyense kuti, kwanu kukagwa zovuta, tikuuze uli pansi pomwepo kapena tidikire utuluke? Ayankhe mwanjira iliyonse, sitima sibwerera chifukwa cha maliro a munthu.

“N'chifukwa chake ndabwera ndekha, osangoimba foni,” anatero. “Mukati ayi, ndipita kufakitale. Kumeneko uthenga ukandipeza ndikwera ndege.”

Ndimamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo chilumba chonse chimadziwa. Iyenso ankadziwa. Sabata yonse ndinali ndisanamuyankhe, ndipo sitima yathu ya m'nyanja muno, yomwe anayenera kukwera, inkayembekezeka masana omwewo.

Achemwali anga a Beatrice anatulukira kuchokera ku Khuyu atafunda ambulera. Iwo yankho anali nalo kalekale.

“Iwe Ellison, wamanga kale katundu? Atate ako anena chiyani?”

“Sananene kanthu, Azakhali.”

“Ndinadziwa. Achimwene, mwangoti duu ngati mawailesi anu akufawo. Lankhulani! Mwana mmodzi yekha ameneyu. Dothi loyamba adzaponye ndani pabokosi panu? Akatekisiti?”

“Sindinafe, Achemwali.”

“Ndiye mufuna tidzakambe mutafa?” Anatembenukiranso kwa mnyamatayo. “Munthu wamoyo, wamano ake onse, kukadzitsekera yekha m'chitini ngati nsomba za m'sitolo. Pansipo tchalitchi chilipo?”

“Amapemphera, Azakhali.”

“Mulungu wake amve bwanji, madzi onsewo ali pamwamba?”

Anakhala pabenchi, nayamba kudzikupiza ndi mpango. Ine ndinapitiriza kupukuta wailesi imene ndinali nditaimaliza kale.

Anthu kuno wailesi ikawafera sathamangira kwa ine chifukwa cha nyimbo. Amaopa kuphonya mauthenga a maliro. Sabata imeneyo ndinkangomva dzina langa likuwerengedwa ndi mawu odekha aja: a Bartholomew a ku Chipyela, pachilumba cha Likoma, atisiya, mwana wawo Ellison, kulikonse kumene ali, afike msanga. Ndinkawaona mawuwo akuuluka pamwamba pa madzi, akudutsa mapiri ndi maiko, akufika panyanja ya mchere ija n'kumazungulirazungulira ngati mbalame yosowa potera. Ndinaphunzira kalekale kuti mafunde a wailesi ngati yathuyi salowa m'madzi akuya. Sindinaganizepo kuti phunziro limenelo lidzandikhudza ine.

Dzuwa litafika pamutu jenereta ya pachilumba inazima kuti ipume, monga mwa masiku onse. Kunangoti zii. Kutali panyanja kunaima mizati ya nkhungu, tizilombo touluka tija, yonga utsi wa moto wopanda woukoleza. Ndinatsamira khoma, maso n'kulemera.

Ndinapezeka ndikuyenda pansi pa nyanja, nsapato zili kuphazi, osanyowa. Kunali kuwala kobiriwira ngati kwa m'botolo. Pamwamba panga panadutsa chinthu chachitali chakuda, mwakachetechete, ndipo m'mimba mwake munali kadzuwa kakang'ono, kosaposa lalanje. Pafupi ndi kadzuwako panakhala munthu atapinda miyendo, akukayang'anira monga mayi amayang'anira mkaka pamoto. Ndinafuna kumuitana. Kenaka ndinaona kuti ndikamuitana acheuka, mkaka n'kutayika. Ndinangoima, chinthucho n'kumapita.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa sitima.

Tinatsikira kudoko tonse atatu, Ellison atasenza chikwama. Sitima kuno imaima patali, anthu n'kumabwera kumtunda pamaboti, ndipo kutsitsa katundu kumatenga nthawi yaitali. Pamchenga panali phokoso la masiku onse, matumba a ufa, malata, mbuzi, anthu kuitanizana maina. A Beatrice anali akadalankhula.

“Ndipo ukadzakwatira, mkazi wakoyo azidzati mwamuna wanga ali kuti? Ali m'madzi ngati ng'ona...”

Sanamalize. M'boti loyamba munatsika mayi wina wovala zakutauni, nsapato zili m'manja, madzi akumufika m'mawondo. Ndinamuzindikira. Anali Mervis wa ku Khuyu, amene anakwatiwa ku Kitwe, ku Zambia. Atate ake tinawaika nthawi ya mvula, miyezi yambiri m'mbuyomo.

Amayi awiri amene ankagulitsa nthochi pansi pa mlambe, akuseka ndi makasitomala, anangosiya malichero awo pomwepo. Phazi la Mervis litangoponda mchenga wouma, mmodzi anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa tsiku la maliro. Wina anamufunditsa chitenje kumutu. Achemwali anga anandipatsira ambulera osandiyang'ana n'komwe, anamanga chitenje m'chiuno, napita kukamugwira mkono.

Zimenezi ndaziona moyo wanga wonse. Kuno mtembo sudikira sitima. Kutentha sikulola, ndipo sitima imabwera tsiku lake. Amuna a pachilumba chino akhala akugwira ntchito ku Joni, ku Harare, ku migodi ya ku Zambia, ndipo ambiri anamva za makolo awo udzu utamera kale pamanda. Koma tsiku limenelo ndinaziyang'ana ngati mlendo.

“Tiye,” ndinamuuza Ellison. “Sitima sinyamuka msanga.”

Tinasiya chikwama kwa mnzanga wa sitolo, n'kutsatira gululo chapatali. Njira inadutsa m'minda ya chinangwa ndi pakati pa miyala ikuluikulu yotentha. M'nyumba za m'mbali mwa njira munkatuluka amayi, ena manja ali ndi sopo, n'kulowa m'gulumo. Nyimbo ya maliro inayamba yokha, chapansipansi. M'kutentha kuja anthuwo ankaoneka ngati sakuponda pansi.

Kumanda mkulu wina wa banjalo anagwada, nazula udzu pang'ono, nalankhula ngati akuuza munthu amene wagona m'nyumba.

“Achimwene, Mervis uja wafika.”

Atatero anamukhazika Mervis pansi n'kuyamba kumufotokozera zonse kuchokera pachiyambi: tsiku limene atate ake anayamba kudwala, phala limene anakana, amene anawasambitsa, nyimbo imene inaimbidwa, mvula imene inagwa pobwerera. Ankanena mosafulumira, ena n'kumamukumbutsa zimene wadumpha. Pomaliza anatapa dothi m'mbali mwa mtumbira, namuika m'manja. Mervis analiwaza pamwamba pa udzu. Palibe anamufunsa kumene anali miyezi yonseyi.

Pobwerera a Beatrice anatipeza panjira, maso ali psuu. Anandilanda ambulera yawo.

“Achemwali,” ndinatero, “mwana uyu akadzachedwa, mudzamutengera kumanda?”



“Mwaona kale kuti mudzatsogola ndinu? Wamkulu ndine.”

“Mukadzakhala kulibe, ana anu.”

“Ndiye mwamulola.”

“Ndafunsa ngati mudzamutenga.”

“Nanga n'kumusiya padoko ngati thumba la mchere? Ndidzamutenga. Koma ndidzayamba ndamukalipira.”

“Mudzamukalipire pobwerera. Popita mudzamuuze zonse, osadumpha.”

Anatsegula ambulera, natsogola.

Ellison ankayenda pambali panga, akuyang'ana pansi. Ndinadikira mpaka madenga a ku Chipyela ataonekera.

“Ukawauze akuluakulu akowo kuti asadzakuuze uli pansi,” ndinatero. “Munthu woyang'anira ketulo yotero asamagwire ntchito maso ali ndi misozi. Ukadzatuluka udzamva. Udzakwere sitima yomweyi, udzatsike nsapato zili m'manja. Anthu adzadziwa chochita.”

“Atate...”

“Katenge chikwama. Boti likudzaza.”

Padoko tinagwirana chanza. Dzanja lake linali lalikulu kuposa langa, ndipo sindikudziwa kuti linakula liti. Analowa m'madzi atakweza chikwama pamutu. Azakhali ake anamufuulira kuti asakaiwale kudya, ndiponso kuti akafunse bwinobwino za tchalitchi chija. Boti litafika pasitima sindinathenso kumusiyanitsa ndi anthu ena, chifukwa kunyezimira kwa madzi kunkandilasa m'maso.

Sindinadikire kuti inyamuke. Nditafika kushopu magetsi anali atayaka, ndipo pabenchi panakhala mphunzitsi wina wochokera kumtunda, atafukata wailesi ya kaseti.

“Ikumatafuna matepi, bambo,” anatero. “Dzulo yadya ya kwaya yathu.”

“Tiyeni tione.”

Ndinalumikiza chowotcherera kumagetsi kuti chiyambe kutentha, ndinayala nsalu patebulo kuti tizitsulo tisagwe pansi, n'kuyamba kumasula chivundikiro.