Gawo la a Jenkins

A Jenkins anali atagwira nsonga ya tepi yoyezera pamene anaona akazi awo, a Enid, akutsika njira ya kutchalitchi, khasu lili paphewa. Ndi dzanja linalo anakonza tayi yawo.

Munali mu 1983. Kampani ina ya ku Denmark yogulitsa injini za maboti inkafuna kutsegula sitolo ku Nkope. Inatumiza mzungu wake, a Holm, pamodzi ndi loya wa ku Blantyre, a Wadi. Awiriwa ankagona pa hotela ya ku Makokola, pomwe a Jenkins ankagwira ntchito yolandira alendo, ndipo anawamva akukambirana njira zitatu. Yoyamba, kutsegula nthambi chabe, kampani n'kukhalabe yachilendo. Koma mapepala a malo akanatenga chaka. Yachiwiri, kupatsa wamalonda wakonkuno injinizo kuti azigulitsa. A Holm anakana, akuti zikawonongeka adzakonza ndani. Yachitatu, kulembetsa kampani yatsopano muno, Mmalawi n'kukhala ndi gawo lake.

"Malo ndili nawo, m'mbali mwa nyanja," anatero a Jenkins. "Gawo langa likhale limenelo."

Sabata isanathe, Nkope yense ankawatchula kuti a dayirekitala. Chimene sananene n'chakuti kwawo ndi ku Namwera. Ku Nkope anali mkamwini.

Tsiku loyeza malolo, a Enid atafika anaima pamzere wa tepi, n'kutsitsa khasu.

"Mwaswera bwanji, alendo? Chinangwa changa chalakwanji kuti muzichiyeza?"

"Tikuyeza malo a bambowa, mayi," anayankha a Wadi.

"Bambo ake ati? Awa? Awa anafika kuno ndi sutikesi ndi wailesi. Wailesiyo ndi yawodi, mukhoza kukaiyeza."

Asodzi amene ankasoka ukonde wa chilimira pafupi anaphulika chiseko. Mmodzi anafuula, "A dayirekitala, tepi yagwatu!"

Inali itagwadi. A Jenkins anawerama kuitola, n'kuchedwa dala kuweramuka.

A Holm anafunsa chimene chavuta. A Wadi anayang'ana a Jenkins. "Auzeni nokha, achimwene. Chingerezi mumachitha."

A Jenkins anawauza, maso ali pansapato. Malo ndi a mbumba ya akazi awo. Anali a agogo awo aakazi, kenako a mayi awo, ndipo oyang'anira ndi amalume awo, a Tomasi. Iwo kwawo n'kulimapo basi.

"Koma si inu mwamuna wake?" anadabwa a Holm.

"Kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi," anatero a Wadi. Anapukuta thukuta, n'kutembenukira kwa a Enid. "Manyaziwa ndi anganso, mayi. Ine kwathu ndi ku Malindi, mwambowu ndinabadwiramo. Ndinafunika kufunsa kwawo kwa bambowa. Ndinangoona tayi."

"Zatha izo. Ndiuzeni mwachidule, ndili ndi ntchito. Malo akalowa m'kampanimo, kampaniyo n'kugwa, amapita kuti?"

"Amapita nayo limodzi."

"Ndiye ayi. Pano adzalimapo ana anga ndi a mng'ono wanga." Analoza ngodya ya miyala pafupi ndi mlambe. "Apo sipamera kanthu. Ngati amalume ndi amfumu avomera, mubwereke pamenepo, mumange sitolo yanu. Kampani ikhale yanu, malo akhale athu. Mukadzatopa mudzazule malata anu."

A Wadi anamasulira. A Holm anakayang'ana ngodyayo, anabwerako, n'kunena kuti atsegula nthambi. Chaka adikira.

Nthambi sifuna dayirekitala wa ku Nkope. A Wadi anatsegula chikwama, n'kubweza khadi la chipani la a Jenkins ndi chiphaso cha msonkho, zimene anatenga dzulo lake kuti alembere mafomu. Fomu yosainidwa kale ija anaipinda pawiri.

"Koma pakauntala mudzafuna munthu," anatero a Enid. "Kulandira alendo ndiye amatha. Pamenepo sanganame."

Galimoto ya alendowo itachoka, a Jenkins anavula tayi n'kuiika m'thumba.

"Amake Ruti, ndimati ndikuuzani zikatheka."

"Nkope yense munaiuza zisanatheke. Ine ndinamvera kuchigayo."

A Jenkins anayang'ana asodzi aja. Kenako anati, "Tidzere njira yakuseri."

"Yakuseri ili ndi minga. Kwa amalume timadzera pamsika, ndipo mukafotokoza ndinu."

Anawapatsa khasu. A Jenkins analiika paphewa, pa malaya oyera aja, n'kutsogola.