Mbale Imene Sitinaswe

"Ndiye tinaswa mbale ya ndani? Yankhani alamu! Pachipata paja tinaswa mbale ya ndani?"

Ameneyo anali Noriyo, mkazi wa Tsuneo, ataima pakati pa khitchini, m'manja muli mbale ya malemu achimwene anga a Kumazo, bambo ake a Tsuneoyo. Yathunthu. Anaipeza m'chitini cha mpunga itakulungidwa m'kansalu, pamene ankafuna kuphikira wansembe wa ku kachisi amene ankabwera kudzapempherera phulusa la mtembo wawo. Ine ndinali pakona ndi tiyi wanga. Ndinasendera pafupi, chifukwa maso anga masiku ano ndi aulesi, koma makutu ndiye ayi.

Shizuyo, mchemwali wake wa Tsuneo, anali kutsuka masamba. Sanatembenuke. Anangokokera tsitsi patsaya lakumanzere monga amachitira nthawi zonse.

"Inali ya alendo," anatero chapansipansi. "Yogula pasitolo."

Iii! Kwathu kuno bokosi likamatuluka, mbale yodyeramo mpunga ya womwalirayo timaiswa pamwala wa pachipata. Ndiko kumuuza kuti pitani bwino, kuno kulibenso podyera panu. Tsiku la maliro Shizuyo ndiye anabweretsa mbaleyo itakulungidwa m'pepala loyera kuti zidutswa zisamwazike. Tsuneo anaimenyetsa pamwala, phwaa, mudzi wonse misozi chuchuchu. Osadziwa kuti tikulirira kambale kopanda mwini.

"Nchifukwa chake ndikumawamva akutsokomola m'mawa uliwonse," anatero Noriyo. "Sanapite! Apita bwanji mbale yawo ili m'nyumba? Azakhali, mwangokhala chete, nenani kanthu."

"Akabwera abwere," ndinatero. "Anali munthu wosavuta. Kudya, kukanda msana, kugona."

"Zoseka zimenezi?"

"Nanga ndilirenso? Misozi yanga ndinathera mbale ya alendo."

Apo Noriyo anakhala pansi. Ndisamunamizire mwana wa eni: pakamwa ndi lumo, koma apongozi ake anawadwazika ngati bambo womubereka.

"Ndani ankawatembenuza pogona? Ndani ankawasambitsa? Sindikudana ndi mbale ine. Ndikufuna apumule. Munthu wavutika chonchija, lero azingozungulira nyumba ngati mphaka wotsekeredwa panja?"

Shizuyo anazimitsa mpopi. "Chilichonse tengani, alamu. Zovala, wotchi, munda wa kumtunda. Koma iyo ndisiyireni."

Mbaleyo mukanaiona simukanaitola ngakhale pamsewu. Yotuwa, yopendekeka milomo, ndipo pambali pake panali mzere wofiira wokhotakhota kuchokera kumlomo mpaka kutsinde, ndi tinthambi tiwiri. Amene anaiswa koyamba ndi Shizuyo yemweyo. Mwana uja anabadwa ndi banga lofiira patsaya, lalikulu ngati chikhatho. Kusukulu anzake ankamutcha nkhanu yowiritsa. Tsiku lina anabwerako atatupa maso, n'kudzipaka ufa wa kumaso wa mayi ake mpaka kuyera ngati mzukwa. Achimwene, posadziwa, anaseka. Mwana anangotola mbale yawo pamene ankadyera, n'kuiponyera kukhoma.

Ine ndinati lero mwana alawa ndodo. Koma iwo anagwada n'kuyamba kutola zidutswa, chimodzichimodzi, mpaka kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo. Anapita kwa mkulu wina wolumikiza mbale m'tauni kukapempha utomoni wa mtengo wotchedwa urushi. Utomoni umenewo ndi woyabwa, inu! Manja anatupa ngati a chule, mwezi wathunthu akudzikanda. Olemera akalumikiza amawaza golide pamwamba. A Kumazo, msodzi wa bwato lobwereka, golide akanamutenga kuti? Anangosiya mzerewo uli wofiira.

Sanalalikire aliyense, sanali munthu wa mawu. Koma kuyambira pamenepo, mlendo akabwera, mbale yawo ankaitembenuza kuti mzere wofiirawo uyang'ane mlendoyo. Malemu alamu anga ankachita manyazi. "Bambo, bisani uko kosweka." Iwo n'kungoti, "Nkhope yake ndi imeneyi." Basi. Shizuyo ankamva, koma tsitsi silinachoke patsaya. Wafika pomera imvi akukhalabe moti tsaya lakumanzere liyang'ane kukhoma.

Tsuneo analowa akuvula nsapato, fungo la nsomba lili thoo. Mkazi wake anamuthira nkhani yonse asanapume n'komwe, n'kumuika mbale m'manja.

"Ndinu mwana wamkulu. Kaisweni wansembe asanafike."

Tsuneo ali ndi chibwibwi chibadwire, ndipo chimamuchititsa manyazi koopsa. Chikwatirire, womulankhulira ndi Noriyo: kumsika, kuchipatala, kumsonkhano wa asodzi. Ngakhale pamaliro pa bambo ake, pamene mwana wamkulu amathokoza anthu, iye anangowerama, mawu n'kunena mkazi. Ndiye anayang'ana mkazi, anayang'ana mchemwali wake, n'kuvalanso nsapato. Tonse tinamutsatira. Ine ndodo yanga ndinaiiwala n'kuiiwala.

Atafika pamwala paja anakweza mbale ndi manja awiri. Shizuyo anatseka maso. Nthawi yomweyo kanjinga kamoto ka wansembe kanaima pachipata, mwini wake akuvula chisoti, mutu uli mbee.

Mbale sinatsike. Tsuneo anaibweza pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, n'kuyamba kuiyang'anitsitsa. Pajatu mbale ya munthu sagwira wina, aliyense ali ndi yake, ndipo iyi ankatsuka ndi Shizuyo yekha. Tsuneo anali asanaigwirepo chibadwire. Pambali pa mzere wofiira uja panali potha, posalala, kadzenje kosaoneka ndi maso koma komveka ndi chala. Zaka zonsezi achimwene akamadya, chala chachikulu chinkasisita pamenepo. Tsuneo anaikapo chala chake. Chinakwana.

"Bambo a kunyumba akuti," anayamba Noriyo, akuweramira wansembe, "panachitika kacholakwika pang'ono, ndiye akufuna..."

"A-a-ayi."

Tonse tinatembenuka. Khosi la Tsuneo linali litafiira, mitsempha ili njo.

"Si-si-si... si-sindi..." Mawu anakakamira pakhosi ngati munga wa nsomba. Noriyo anatsegula pakamwa kuti amumalizire, iye n'kukweza dzanja. Tinadikira. Wansembe anadikira, chisoti chili m'khwapa. Ngakhale agalu a kwa aneba anadikira.

"Si-sindiswa. Ya-ya-inasweka kale. Ba-bambo anailumikiza okha. I-ine ndani?"

"Nanga mzimu wawo?" anafunsa Noriyo, misozi ili m'masaya.

"A-a-akudziwa njira. Anali m-m-msodzi."

Ine ndinaseka, ndisaname, ndinaseka mpaka mano oikirira anatsala pang'ono kugwa. Noriyo anandiyang'ana diso loti likanakhala mpeni bwenzi lero mukudya mpunga wa maliro anga. Wansembe, munthu wochenjera, anangoti kunja kukuzizira, tilowe.

M'nyumba Shizuyo anapakula mpunga wotentha m'mbale muja, n'kukaika paguwa la makolo, patsogolo pa chithunzi cha bambo ake. Anayatsa lubani. Anaima pang'ono, kenaka anagwira mbaleyo ndi nsonga za zala n'kuitembenuza, mzere wofiira n'kuyang'ana kwa ife. Pobwerera sanapite kumalo kwake kwa kukhoma. Anakhala pakati, pafupi ndi wansembe, n'kukankhira tsitsi kuseri kwa khutu. Banga lija ndinali ndisanalione bwinobwino kuyambira ali kamtsikana. Lazilala pang'ono, ngati mzere wa pambale uja.

Mpaka lero Noriyo sakulankhula ndi mwamuna wake, moti Tsuneo akudzigulira yekha nyambo kudoko, ogulitsa n'kumadikira mpaka amalize kulankhula. Noriyoyo sakulankhulanso ndi Shizuyo. Ine ndiye sandipatsa n'komwe moni, tiyi amangondiikira pansi kuti gwa, akuti ndinaseka pamaso pa wansembe.

Koma mpunga wa paguwa m'mawa uliwonse amapakula ndi Noriyo yemweyo, salola wina. Dzulo ndinamusuzumira pachitseko. Anaika mbale, anawerama, ananyamuka. Atafika pakhomo anaima, anatsonya, n'kubwerera kukaitembenuza kuti kofiira kuyang'ane kwa anthu.