Tsiku Limene Ahedi Anachedwa Kusukulu

Madamu Akanisi, mphunzitsi wa pasukulu pathu, atayamba digiri yake yachiwiri, ine ndinali woyamba kuwombera m'manja, komanso woyamba kung'ung'udza chamumtima. Maphunziro ake anali okonzekeretsa aphunzitsi kutsogolera ntchito yotukula sukulu. Kutukula sukulu iti? Ine Peniasi ndinali nditakhala hedi pachilumba pano zaka zisanu ndi ziwiri, mpanda uli chilili, udzu wometedwa ngati mutu wa msilikali. Koma pakamwa ndinangoti, "Phunzirani Madamu, ifenso tidzatolako nyenyeswa."

Zaka ziwiri mayi ameneyu ankakwera phiri la kuseri kwa tchalitchi Loweruka lililonse, kompyuta ataikulunga m'thumba la ufa, kukasaka netiweki yolankhulira ndi aphunzitsi ake a ku Suva, likulu la dziko lathu. Chinatsala chinali chimodzi: apeze vuto lenileni pasukulu pake, ayambe kulikonza, ndipo hedi asaine kuti zachitikadi. Popanda zimenezo, digiri panalibe. Anamupatsa masabata asanu ndi limodzi.

Anasankha kuchedwa kwa ana, ndipo apa ndinaseka, chifukwa vuto limenelo ndinali nditalipezera mankhwala kalekale. Lali, ng'oma yathu yamtengo ija, ikalira eyiti koloko, wochedwa aliyense ankatenga chikwanje n'kukatchetcha kubwalo. N'chifukwa chake udzu wathu unali wokongola chotero.

Akanisi anasindikiza mapepala a mafunso monga buku lake linanenera, n'kutumiza kwa makolo. Makolowo anabwera kwa ine mmodzimmodzi, pepala atagwira ndi manja awiri.

"Ahedi, apa tiyankhe chiyani?"

"Yankhani zoona," ndinatero.

Anayankha zaulemu. Kwathu kuno munthu salemba papepala kuti mphunzitsi walakwa, ndi mwano umenewo. Mapepala onse makumi asanu anabwerera akunena kuti zonse zili bwino kwambiri, ndipo wina anawonjezerapo vesi la m'Masalimo.

"Sukulu yanuyi ndi ya kumwamba, ahedi," anatero Akanisi pa nthawi ya tiyi. "Ilibe vuto olo limodzi. Ine ndiye ndalephera basi."

"Lembani zomwezo Madamu, akupatsani madigiri awiri."

Anaseka, koma misozi inali italengeza. Ndinamumvera chisoni, ngakhale kuti mtima wina unkanyadira mapepala aja.

Kenaka anasiya mapepala. Lachitatu lililonse tikaweruka ankapita kuholo ya tchalitchi kumene amayi amaluka mikeka, n'kukhala pansi, osafunsa kanthu. Mkeka wake unatuluka wokhota moti amayi ankaugwiritsa ntchito poopseza atsikana aulesi. Sabata yachitatu, mayi Salanieta a ku Vatuloa, mudzi wa kuseri kwa thanthwe, amene mawu awo amamveka boti lisanakocheze, anauza mnzawo, maso ali pamkeka, "Mwezi wakhwimatu. Mawa ana athu akametanso udzu wa ahedi." Holo yonse inagwa ndi phwete. Izi ine ndinadzazimva pambuyo pake.

M'mawa mwake Akanisi analowa muofesi mwanga ndi muzu wa yaqona, uja timapangira chakumwa cha pamwambo, wokulunga m'nyuzipepala, monga achitira munthu wodzapempha chinthu chachikulu, n'kukhala pansi penipeni.

"Madamu, mpando uwo."

"Pompano pali bwino, ahedi. Maso anga atopa ndi kompyuta. Mundiwerengereko m'kaundulamo masiku amene ana anachedwa ambiri, ine ndiziyang'ana pakalendala yanuyo."

Kalendalayo ndinapatsidwa kusitolo ya mainjini a boti. Pansi pa tsiku lililonse panali timanambala tosonyeza nthawi imene nyanja imadzaza ndi kuphwa. Ine sindinkatiyang'ana. Ndinabadwira kumapiri a chilumba chachikulu, kumene madzi amadziwa njira imodzi yokha, yotsika.

"Pa 11 Malichi, ochedwa khumi ndi asanu ndi anayi," ndinawerenga.

"Nyanja inadzaza seveni koloko."

"Pa 12 Malichi, omwewonso."

"Kota tu eyiti."

Titafika tsiku lachisanu ndi chitatu ndinatseka kaundula. Mayina anali omwewo, onse a ku Vatuloa, ndipo masiku a madzi ochepa panalibe wochedwa ndi mmodzi yemwe.

"Nanga bwanji sananene?"

"Tsiku lanu loyamba munati simufuna kumva zifukwa, ahedi. Anakumverani."

Anatulutsa ndandanda watsopano wa maphunziro: masiku a madzi ambiri m'mawa, tiziyamba ndi nyimbo ndi kudimba, masamu ndi kuwerenga zizidikira a ku Vatuloa, ndipo chikwanje chipume. Panangotsala dzina langa. Koma manyazi a munthu wamkulu amatuluka ngati ukali. Ndinati sindisaina chinthu chimene sindinachione ndi maso anga. Sanatsutse, anangoti zikomo, chonsecho kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri okha.

Ndinadikira kuti madzi a m'mawa abwerenso, ndipo masiku a Akanisi ankangotha. Atatsala awiri, ndinakapemphera ku Vatuloa Lamulungu n'kugona konko. Lolemba hafu pasiti sikisi ndinanyamuka ndi ana khumi ndi asanu ndi anayi aja, mayi Salanieta akutiperekeza popanda wowapempha. Njira imadutsa pamchenga, m'munsi mwa thanthwe loti ngakhale mbuzi siingakwere. Tinapeza mchenga kulibe. Madzi anali ofika m'khosi mwa munthu wamkulu, mafunde akumenya mwala. Anawo sanadabwe. Aliyense anakhala pamwala wake wa masiku onse, ena n'kutulutsa mabuku.

"Ilamuleni nyanjayi iphwe, ahedi," anatero mayi Salanieta. "Mwina inu ikumverani. Ife inatikana kalekale."

"Mayi, zaka zonsezi osanditsina khutu?"

"Ife tiuze ahedi? Nanga kusukulu konse kuja munkakatani?"

Ndinaseka nawo. Kenaka chapatali lali inalira, ndipo ana onse anaweramitsa mitu nthawi imodzi, osandiyang'ana. Chiyambire uphunzitsi sindinachitepo manyazi ngati mmene ndinachitira pamwala paja.

Tinawoloka naini itadutsa, sulu yanga, nsalu imene timavala amuna kuno, itanyowa mpaka m'chiuno, nsapato zili m'manja. Akanisi anali pageti ndi kaundula. Popanda wowauza, anawo analunjika kukashedi kosungira zikwanje.

"Bwererani, pitani m'kalasi," ndinawauza. Ndinalowa m'kashedimo ndekha n'kusankha chikwanje chakuthwa.

"Ahedi, musatero," anatero Akanisi.

"Lembani Madamu. Peniasi, wochedwa."

Ndinatchetcha ola lathunthu, mawindo onse atadzaza timitu, mayi Salanieta ali kumpanda kundilozera pamene ndasiya. Nditamaliza ndinaitanitsa ndandanda uja n'kusaina pomwepo, pabondo. Chala changa chinasiya chidindo chobiriwira pambali pa dzina, ndipo pepalalo linapita ku Suva lili choncho.

Digiri inatuluka kumapeto kwa chaka. Amayi a kuholo anamulukira Akanisi mkeka woongoka, ati asamadzavutikenso yekha. Ana a ku Vatuloa tsopano masamu akuwaona kuyambira poyambira pake, ndipo awiri mwa iwo akuvutitsa anzawo pamwamba pa kalasi.

Udzu wokha ndiye wafika m'maondo. Alendo akandifunsa chinachitika n'chiyani pasukulu yomwe inali yaukhondo chotere, ndimawauza kuti wochedwa anatsala mmodzi yekha, ndipo msana wake ndi wokalamba.