Ndowa ya Zotsala za Ana

Amayi a Phala anakhala pansi pa sitepe ya 23, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka. Dzinali anawapatsa ndi ana a kusukulu ya mkaka kumene ankagwira ntchito yophika, ndipo linakhazikika moti ngakhale amuna awo ankawaitana choncho. Tsikulo anabwera kudzaona mwana wawo wamkazi, amene anali atangosamukira m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Chikepe munalibe. Masitepe analipo 64.

Mwanayo anatsika ndi kapu ya madzi. Anali woyembekezera koyamba, miyezi itatu.

"Amayi, pumani kaye. Musafulumire."

"Ndani watopa? Ndikungoona mmene anamangira khomali."

Anaseka onse. Koma atafika pamwamba, atapuma katatu panjira, mwanayo anayankhula maso ali pansi.

"Takambirana ndi bambo a kunyumba kuno. Mwana akadzabadwa tidzapeza munthu wotithandiza. Zovala timayanika pansi, zinyalala timataya pansi, msika uli pansi. Munthu amatsika ndi kukwera kasanu pa tsiku. Inu ndi thupi lanuli, ndi mawondo anuwa, sindikufuna mudzagwe chifukwa cha ine."

"Mdzukulu wanga woyamba asambitsidwe ndi mlendo, ine ndili moyo?"

"Si choncho, Amayi."

"Kwatsala miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi."

"Usapeze munthu. Ndidikire."

Lolemba anayamba kusala kudya. Anati angomwa madzi okha sabata yathunthu, thupi liphwe. Lachitatu m'mawa akutakasa phala la ana anamva chizungulire, ndipo akanagwera mumphika wotentha pakanapanda mphunzitsi wina kuwagwira. Atafika kunyumba anadya buledi wathunthu ndi tiyi makapu atatu, uku akulira.

Amuna awo, amene anali kalipentala, anasiya ntchito n'kukaitana aneba awo. Anebawo anali namwino pachipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo ankaimba kwaya imodzi ndi Amayi a Phala.

"Achemwali, kusala kudya n'kwa pemphero," anatero namwinoyo atamva zonse. "Si mankhwala ochepetsa thupi. Thupi likakhala ndi njala masiku atatu limabwezera, ndipo mwaona nokha. Mawa mubwere tikuyezeni magazi ndi shuga. Koma tandiuzani, mumadya chiyani pa tsiku?"

"Ine? Sindidya n'komwe. Afunseni bambowa. Mbale yanga ndi yaing'ono kuposa yawo."

"N'zoona," anavomera akalipentala. "Ine ndimadya ngati ndikumanga nyumba, koma ndine uyu ngati thabwa. Awa amangolawa."

Namwino anaganiza pang'ono.

"Mawa mutenge kandowa kuntchito. Chakudya chanu mudye mutakhala pampando. Koma chilichonse chimene dzanja lifuna kupititsa kukamwa muli chiimire, muponye m'ndowamo. Madzulo mubwere nayo."

Amayi a Phala anachita zomwezo, akuseka mumtima kuti ndowa ibwera yopanda kanthu. Koma m'mawa ana makumi anayi atamwa phala, mbale iliyonse inabwera ndi masupuni awiri kapena atatu otsala. Dzanja linanyamuka lokha. Anakumbukira, n'kukhuthulira m'ndowa. Masana kunatsala mpunga ndi nyemba, zidutswa za buledi wopaka majarini, ndi zokanirira pansi pa mphika. Pofika nthawi yoweruka ndowa inali itapitirira theka.

Madzulo anaiika patsogolo pa namwino. Akalipentala anasuzumiramo n'kugwira pakamwa.

"Mayi, zonsezi zimalowa mwa inu tsiku lililonse?"

"Zaka khumi ndi ziwiri," anayankha motsitsa mawu. "Koma anesi, nditaye chakudya? Ine ndinakula ndi njala. Kutaya chakudya ndi tchimo. Ambuye atadyetsa khamu lija analamula kuti atolere makombo onse, pasatayike kanthu."

"Analamuladi," anatero namwino. "Anatolera mitanga khumi ndi iwiri. Koma ndi pati pamene munawerenga kuti anapatsa wophunzira mmodzi kuti amalize yekha?"

Akalipentala anaseka mpaka kutsokomola. Amayi a Phala anayesa kukwiya koma zinakanika.

"Mtima wanu ndi wabwino, achemwali. Koma thupi lanunso ndi mphatso ya Mulungu, si dzala. Tiyeni tichepetse zotsalazo zisanatsale."

Anagwirizana zinthu zochepa. Ana aziwagawira pang'ono, wofuna kuwonjezera aziwonjezeredwa. Zimene zatsalabe zizipita kwa nkhuku za mlonda wa pasukulupo. Amayi a Phala azidya katatu pa tsiku atakhala pansi, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba. Shuga wa mu tiyi, amene ankathira masupuni anayi, azichotsapo supuni imodzi pakatha masabata awiri alionse. Kuchipatala anapeza kuti magazi akuthamanga pang'ono, ndipo anawauza kuti kuyenda kuwathandiza, bola ayambe pang'ono.

"Ndiyende mphindi zingati? Ine wotchi ndilibe."

"Nyimbo za kwaya mumazidziwa zingati pamtima?"

"Zonse."

"Ndiye muzitsika basi musanafike kuntchito, muziyenda mpaka mutamaliza nyimbo ziwiri, ndime zonse. Mukamatha kuimba chapansipansi mukuyenda, ndiye kuti simukudzipanikiza. Sabata yamawa nyimbo zitatu."

Mwezi woyamba unayenda bwino. Zotsala zinachepa, nkhuku za mlonda zinanona, ndipo sikelo ya kuchipatala inatsika makilogalamu awiri. Mwezi wachiwiri inatsikanso awiri. Koma mwezi wachitatu sikelo inangoima pamodzimodzi. Sabata yomweyo kusukulu kunali phwando lotsanzikana ndi mphunzitsi wina, ndipo Amayi a Phala anadya keke kawiri n'kumalizanso zotsala m'mbale za anzawo. M'mawa mwake sanatsike basi panjira. Tsiku lotsatira chimodzimodzi.

Loweruka namwino anawapeza atakhala pakhonde, nkhope ili khuma.

"Ndalephera, anesi. Muuzeni mwana uja apeze munthu wake."

"Mwalephera chifukwa cha keke?"

"Sikelo yakana. Ine ndabwerera zakale. Miyezi itatu yapita pachabe."

"Inu mukaphonya ndime imodzi kukwaya mumatuluka m'tchalitchi?"

"Ayi, ndimalowa pa ndime yotsatira."

"Ndiye lowani. Sikelo imaima nthawi zina, thupi likamazolowera. Komanso mwana wanu sanakupempheni nambala ya pasikelo. Valani nsapato tipite."

Anapita kunyumba yosanja ija. Amayi a Phala anagwira chitsulo cha m'mbali n'kuyamba kukwera, namwino akuwerenga kumbuyo. Anadutsa sitepe ya 23 osazindikira. Anaima pa 47.

"Mwaona? Izi sikelo sinakuuzeni."

Amayi a Phala anapukuta nkhope ndi mpango. Sinali thukuta lokha.

Kuyambira tsikulo akalipentala anayamba kuyenda nawo Loweruka ndi Lamlungu. Ankaimba besi yokhota moti akazi awo ankafulumira kuti awasiye kumbuyo, ndipo iwo ankati imeneyo ndiye ntchito yawo. Anawapangiranso kabokosi kolimba ka thabwa, kotalika ngati sitepe imodzi, kuti azikwera ndi kutsika podikira madzi kuwira. Masiku a mvula Amayi a Phala ankayenda m'khonde la sukulu. Masiku ena ankafooka ndithu, koma anaphunzira kusadikira Lolemba kuti ayambirenso. Ankayambiranso pa chakudya chotsatira.

Mwana anabadwa Lachinayi m'mawa, wamkazi. Pamene mwana wawo ankatuluka m'chipatala ndi khandalo, Amayi a Phala anali atatsika makilogalamu asanu ndi anayi. Sanali woonda, ndipo namwino anati ulendo ukadalipo, koma magazi anali atakhazikika ndipo mawondo anasiya kudandaula. Anatenga tchuthi cha mwezi umodzi kuntchito.

Tsiku loyamba anatsika kukayanika matewera, n'kukwera. Anatsika kukagula sopo, n'kukwera. Anatsika kukataya zinyalala. Ulendo wachinayi anakwera ndi beseni la zovala zouma, napeza mwana wawo ataima pakhomo akuwayang'ana.

"Amayi, ndinali nditalankhula kale ndi munthu uja, kuti mwina."

"Ndikudziwa. Ukanakhala wopusa ukanapanda kutero. Wamuuza chiyani?"

"Ndamuimbira kuti agogo a mwana afika."

"Chabwino. Tenthetsa madzi, undipatse munthu wangayo."

Anamusambitsa pang'onopang'ono, akuimba chapansipansi nyimbo yoyamika, mpweya uli wokwanira mpaka ndime yomaliza.

Abale ndi alongo, thupi limene linakwera zaka zambiri silitsika sabata imodzi. Kudzikhaulitsa ndi njala kumangofooketsa, ndipo kungathe kuvulaza. Yambani mwaonana ndi azachipatala. Yang'anani moona mtima zimene mumadya osaziwerengera, makamaka zodya muli chiimire. Sinthani chinthu chimodzi, chikazolowereka muwonjezere china. Yendani tsiku ndi tsiku monga mwa mphamvu zanu, ndipo pezani wina woyenda naye. Mukaterereka musadziweruze, yambiranipo pomwepo. Koposa zonse, dziwani chimene mukuchitira zimenezi. Mulungu anatipatsa thupi kuti titumikire nalo amene timawakonda, ndipo kulisamalira pang'onopang'ono, mosatopa, ndi njira imodzi yomuthokozera.