Chiperoni pa Tsiku Loika Amayi

Abale inu, tsiku limenelo Levisoni sanakhale pansi. Uyutu ndi uja woyendetsa kandege ka eni minda ya tiyi ku Mulanje, amene atsikana amati akavala magalasi akuda amaiwala ndi moni yemwe. Mayi ake anali atamwalira dzulo lake kwawo ku Dedza, kuika kunali masana omwewo, ndipo abwana ake anamubwereka ndegeyo kuti akapeze maliro asanatuluke m'nyumba. Koma kutacha, chiperoni chinangokuta ponseponse. Phiri lonse lija kusowa! Ngakhale kumapeto kwa bwalo la ndege osaonekanso.

Ankangozungulira ndegeyo, kuyang'ana kumwamba, kuyang'ananso. Dzuwa linafika pamutu osaoneka. Kenaka foni inalira, anali mlongo wake Eneresi.

"Achimwene, muli pati kodi? Adzukulu amaliza kukumba, akuti bokosi atseke."

"Auzeni asatseke! Nkhope ya amayi ndiione kaye."

"Anthu akuyankhulatu kuno. Akuti pa maliro a agogo munangodutsa m'mwamba ngati khwangwala, ndiye lero mukufuna akudikireni?"

"Ndikunyamuka pompano, kaya kuli chifunga kaya chiyani."

Analowa m'ndege namanga lamba. Mumtima ankati akakwera pamwamba pa mitambo, kutsogoloko akapeza kabowo, n'kuona msitu wa manda akwawo. Pajatu msitu umenewo ndi umene ankadziwira kuti wafika, asanatere pa bwalo la ku mishoni. Koma munthu anali atachezera kulira. Asanalize n'komwe injini, mutu unagwera pachifuwa.

Loto linayamba ndi fungo la fodya wa chingambwe. Potembenuka, pampando wa pambali pakhala agogo ake aamuna, malemu a Gwaza, atavala jekete lawo lija lakhaki, lonyowa, madzi akudontha m'ndevu, mapazi ali dothi lofiira lokhalokha. Pagalasi panali poyera ngati thonje. Ndege inkayandama popanda phokoso, nthambi za mitengo zikukwecha pansi pake, kwee, kwee.

"Levisoni."

"Wawa, agogo."

"Mitengo yathu waisandutsa chikwangwani chako. Umationera m'mwamba, phazi lako silinapondemo."

"Ndi ntchito, agogo. Koma lero ndikubwera."

"Ukubweradi. Nthambi ukuzimvazi ndi zathu zomwe, ndipo lero sudutsa." Anapukuta galasi ndi chikhatho, koma panangotsala dothi. "Mdzukulu wanga, adzukulu akumba dzenje limodzi. Manja awo atupa. Bwera wapansi."

"Ndiye amayi sindiwaona?"

Agogo anangomuyang'ana, maso awo ali enieni a amayi ake aja.

Levisoni anadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Mpando wa pambali unali wouma, chiperoni chili chomwecho, mwinanso kuposa. Anakhala kanthawi dzanja lili pa kiyi. Kenaka anamasula lamba, natsika, namangirira mapiko ku zikhomo pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Atatha anaimba foni.

"Eneresi, auzeni atseke."

"Achimwene..."

"Atseke basi. Ndikwera minibasi."

Anafika dzuwa litalowa, anthu atabalalika, azimayi akutsuka miphika. Palibe anamunena, koma palibenso anamuuza kuti wachita bwino. M'mawa mwake mkulu wa adzukulu anamulowetsa kumanda atavula nsapato. Amene anaona akuti sanalire n'komwe. Anangogwada pa mtumbira watsopanowo, n'kumafunsa chapansipansi kuti kumutu ndi kuti.