Zaka Zimene Bambo Yoramu Anadziwonjezera

Bambo Yoramu sankakhulupirira pepala lililonse lochokera ku ofesi. Zaka makumi atatu pa fakitale ya mabulangete ku Southerton zinawasiyira nthenda imeneyi, ndipo ine sindiwadzudzula. Chawo chenicheni m'dziko la eni chinali chimodzi, nyumba ya kanselo ku Mufakose, yomwe munthu ankakhalamo pokhapokha ali pa ntchito. Kwawo ku Dedza anachokako ndevu zisanamere, ndipo kunalibenso munda wowadikira.

Tsiku lina mu 1978 pa fakitale panafika mzungu wa tayi wochokera ku bungwe la eni mafakitale. Marcos, kalaliki wa ku Tete, ndiye ankamasulira.

"Akuti mabwana akupempha boma liwalole kukusungirani okha penshoni," anatero Marcos. "Mukadzakalamba mudzapume bwino. Akufuna maina anu ndi zaka zanu, akaonetse boma kuti nanunso mwavomera."

Anthu anagwedeza mitu mokondwa. Koma bambo Yoramu anakayika. Nkhondo ili m'tchire, mphekesera zili ponseponse kuti boma liyamba kutenga anthu akuda ku usilikali, ndiye lero lomwe lino mabwana atikonde? Maina ndi zaka! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Akufuna adziwe amene angathe kunyamula mfuti," anauza akazi awo, mayi Eneles, atafika kunyumba. "Ine ndiwaonetsa kuti sindinabwere dzulo m'tauni muno."

"Bambo a Febbie, kaneneni zoona basi," anayankha mayiwo. "Ndi mawondo anuwo ndani angakupatseni mfuti?"

"Inu simuwadziwa anthu amenewa."

Chitupa chawo chinalibe chaka chobadwa, choncho m'mawa mwake anakhala pamaso pa Marcos molimba mtima. Iwo anabadwa mu 1926, koma anati, "Lemba 1914, chaka chimene inayamba nkhondo ya Jeremani."

Marcos anaimika cholembera. "Madala, mwatsimikiza? Ganizani kaye bwino."

Apo ndiye anakwiya zenizeni. Ameneyu wagulidwa, anaganiza, akufuna ndioneke mnyamata kuti anditengere kutchire. "Iwe unalipo pobadwa ine? Lemba!"

Marcos analemba. Iwo anadinda chala, natuluka akudzitama mumtima kuti boma lonse alipusitsa ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Patatha masabata atatu, antchito onse anaitanidwa pabwalo nthawi ya tiyi. Mzungu wa tayi uja anabweranso, ulendo uno ndi wojambula zithunzi. Dzina la Yoramu litatchulidwa, anapita kutsogolo akuganiza kuti za usilikali zija zafika. Koma mzunguyo anawagwira chanza mwaulemu, nawaveka wotchi pamkono.

Marcos anamasulira maso ali pansi. "Akuti lamulo la penshoniyi ndi lakuti munthu akakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi apume pa ntchito. Inu munapitirira kale, ndiye ndinu woyamba. Chithunzi chanu chipita ku boma kuti aone ubwino wake."

"Nanga penshoniyo?"

"Amawerenga kuyambira tsiku limene munalembetsa penshoniyo, madala. Ndi masabata atatu."

Manyazi ndi mantha zinawagwira pamodzi. "Marcos, mwana wanga, ndinanama," ananong'oneza. "Ndi 1926. Auze."

"Chala chanu chili pa pepala lopita ku boma. Mukufuna ndinene kuti munthu wobwera wanamiza boma, nthawi ya nkhondo ino?"

Bambo Yoramu anaganiza za mayi Eneles, amene nthawi imeneyo ayenera kuti anali kukolopa khonde monga masiku onse.

"Nanga nyumba?"

"Kalata inapita kale ku kanselo dzulo. Makiyi akuwafuna kutha kwa mwezi."

Anzawo onse, amene ananena zaka zawo zenizeni, anawaombera m'manja kwa nthawi yaitali. Kenako belu linalira, iwo nabwerera ku makina awo.