Dzina la Pachiliza cha Lachlan

Torquil MacGillivantic anaika mng'ono wake Lachlan m'manda Lachiwiri, mvula ikuwaza. Kuyambira tsiku limenelo, m'chigwa chonse cha Roy munatsala munthu mmodzi wa dzina limeneli: iyeyo, nkhalamba yoweta nkhosa, yopanda mwana.

Bambo awo ankakonda kunena kuti dzinali limatanthauza "mwana wa wopha mimbulu". Torquil anafuna kuti mawu amenewa alembedwe pachiliza m'Chigeliki, chiyankhulo cha makolo awo, koma iye Chigelikicho anachitaya ali mwana, chifukwa kusukulu ankakwapulidwa akachiyankhula. Ndiye anapita kwa Ishbel, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi.

Ishbel anamuikira tiyi ndi sikono, n'kumvetsera mpaka atamaliza.

"Mimbulu yake iti?" anafunsa Ishbel. "Bambo anu aja analinso ndi nkhani. Dzinali ndi Mac Gille Mhanntaich. Mwana wa mnyamata wachibwibwi. Basi."

"Mukundiseka, Ishbel."

"Ndikusekeni maliro ali a dzana? Kalekale kunali munthu wina amene mawu ankamukakamira pakhosi. Anzake anamutcha choncho, dzina n'kumatirira ana ndi adzukulu."

Torquil anaika kapu pansi. Lachlan anali wachibwibwi chibadwire. Akalowa m'sitolo, Torquil ndiye ankamumalizira mawu. Kumsika wa nkhosa ankamusiya panja ndi agalu, ndipo tsiku lina anamukalipira pamaso pa anthu kuti, "Tangotseka pakamwa, ukutichititsa manyazi." Lachlan sanayankhulenso kumsika mpaka imfa yake.

"Iyeyo ankadziwa?" Torquil anafunsa.

"Anabwera kudzafunsa zaka makumi atatu zapitazo. Anakhala pampando womwewo, anaseka mpaka misozi. Anati ndisakuuzeni, mungadwale nazo."

Torquil anamaliza tiyi, anapempha kuti amulembere dzinalo papepala, n'kuvala chipewa.

Lachisanu anakwera basi kupita kutauni ya Fort William kwa Dugald, wosema ziliza. Dugald anayang'ana pepalalo n'kuwerenga zilembo ndi chala.

"Dzina lonseli, akulu? Mwala munasankha uja ndi waung'ono. Likafika m'mphepete n'kugwera pansi."

"Chotsani vesi la m'Baibulo."

"Abusa akazimva?"

"Mng'onoyo ndi wanga, osati wa abusa."

"Chabwino. Nanga tanthauzo lake tilembe m'munsi m'Chingerezi?"

Torquil anayang'ana miyala yotsamira kukhoma.

"Lembani," anatero. "Koma zilembo zake zisakhale zazing'ono."

Chilizacho anachiimika mu Epulo, nkhosa zili pakati poswa, moti Torquil sanapezekepo. Anakachiona Lamlungu atatuluka m'tchalitchi. Anapeza chitapendekera pang'ono kumanzere, ndipo m'mawa mwake anaimbira foni Dugald kuti abwere adzachiwongole.